Mtima wa Kumanja

Kunyumba ankamutchula Kaphee, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankatha kukhala m'chipinda tsiku lonse anthu osadziwa kuti muli munthu. Ku koleji ya anamwino, kumene anali m'chaka choyamba, dzinalo silinafike, koma khalidwe lake linafika. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi kabati ya mafupa apulasitiki. Pa mayeso olemba a phunziro la thupi la munthu panalibe womuposa. Mafupa a m'dzanja ankawatchula motsatana ngati akuitana ana a nyumba imodzi.

Chinamugwetsa ndi mayeso a manja, aja osonyeza ziwalo pa munthu wamoyo.

Lachisanu masana kunali oyeserera chabe. Enieni anali Lolemba, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: wolephera sapita ku wodi ya odwala ndi anzake, amatsala n'kubwereza phunzirolo chaka chathunthu pamodzi ndi obwera kumene.

Mphunzitsi wawo anali mayi wamtali wosakweza mawu. Ophunzira ankawatchula a Chigaza, poti ankalowa m'kalasi atakwapatira chigaza chapulasitiki ngati kachikwama ka m'manja. Tsikulo anagoneka wophunzira mmodzi pabedi la m'labu, atavula malaya, n'kumaitana enawo mmodzimmodzi.

"Tisonyezeni pamene mtima umamveka bwino kugunda," anatero a Chigaza itafika nthawi ya Kaphee.

Kaphee anayamba bwino. Anapeza kaphiri ka pa fupa la pakati pa chifuwa, nthiti yachiwiri pambali pake, n'kumatsika mpata ndi mpata mpaka wachisanu. Zala zake zinkangokhudza khungu n'kuthawa, ngati akuyesa simbi ngati yatentha. Kenako analoza ndi nsonga ya chala.

"Nthiti mwawerenga bwino. Nanga chiwindi?"

Analoza pansi pa nthiti, mbali inayo.

A Chigaza anamuyang'ana wogonayo kwa kanthawi, mokhala ngati akumumvera chisoni. "Ndiye kuti mnzanuyu mtima uli kumanja, chiwindi kumanzere. Anthu otero alipo ndithu, koma ine m'zaka makumi awiri sindinakumanepo naye. Inu mwamupeza tsiku loyamba."

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali, ngakhale wogona pabediyo mimba inkagwedezeka. Kaphee anangoti ndwii kuyang'ana nsapato zake.

Ali m'basi yobwerera kunyumba anachiona chomwe chinachitika. Anzake ankayeserera awiriawiri, kugwirana nthiti n'kumasekana. Iye kupempha munthu kuti amugwire pachifuwa kunkamukanika, choncho miyezi itatu yonse ankayeserera pa thupi lake, chitseko atakhoma. Dzanja linazolowera kupita kumanzere kwake. Koma munthu ukamuyang'ana maso ndi maso, kumanzere kwake kumakhala kumanja kwako. Zimenezi m'buku zinalembedwa, ndipo anazilemba mzere kunsi, koma dzanja silinawerenge buku.

Loweruka, monga mwa masiku onse, anakathandiza kushopu ya amayi ake. Amayiwo anali telala, ndipo kachipinda kawo kanali kodzaza: makina awiri osokera, tebulo lodulira nsalu, kalilole wamtali wong'aluka pakona, ndi katani yotchinga poyesera zovala. Ntchito ya Kaphee inali kusokerera mabatani ndi kutola mapini pansi ndi maginito.

"Batani ilo walisokerera pamwamba pa linzake," anatero amayi ake osadzutsa mutu, mapini atatu ali pakamwa. "Talankhula, usanandiwonongere jekete la eni ake."

Kaphee anafotokoza zonse. Amayiwo analavulira mapini m'dzanja, n'kuseka mpaka tepi inagwa m'khosi.

"Amayi, si zoseketsa. Ndikalephera ndibwereza chaka."

"Sindikuseka iwe, ndikudziseka ndekha. Ndili kuphunzira ntchitoyi anandipatsa malaya khumi ndi awiri a operekera zakudya kuhotela, kuti ndiikepo matumba a pachifuwa. Ndinadzigwira pachifuwa, ndati thumba limakhala uku. Onse khumi ndi awiri ndinawaika kumanja. Masiku awiri ndikuphwasula ulusi, misozi ili chuchuchu."

"Ndiye munatani?"

"Abwana anga anandipatsa lamulo limodzi. Munthu akalowa, usanamugwire ndi tepi, mupatse moni wa dzanja. Dzanja limene wakupatsalo ndilo lamanja. Thumba limapita mbali inayo." Anadziguguda pachifuwa. "Ndipo mtima wakowo si uli pansi pa thumba? Vuto lako iwe supatsa anthu moni. Umapatsa moni nsapato zawo."

Asanayankhe, pakhomo panada. Anali amalume ake, oyendetsa basi, munthu woti akalowa m'shopumo mpweya umachepa. Ananyamula buluku papheŵa.

"Mlongo, buluku ili likungochepa lokha. Nsalu za masiku ano zilibe chilungamo."

"Nsalu ilibe mlandu, achimwene. Vulani malaya mukhale pa mpandopo. Buluku ndikukulitsirani, koma lero ndinu wodwala wa mwanayu."

"Ine ndikudwala chiyani?"

"Akuuzani iyeyo. Si ndiye wa ku koleji?"

Amalume anatsala ndi vesiti yoyera, manja ali m'maondo ngati mwana wa sukulu woyembekeza chilango. Amayi anam'patsa Kaphee choko chabuluu chodulira nsalu, n'kumukankha ndi chigongono.

"Moni kaye."

"Muli bwanji, amalume?" anatero Kaphee, akutambasula dzanja.

"Taonani zodabwitsa. Mwana wa mlongo wanga ali ndi mawu." Dzanja lawo linameza lake lonse. Kaphee anaona kuti manja awiriwo apingasa pakati pawo, lake kuchokera uku, lawo kuchokera uko. Mbali ya dzanjalo ndiyo ya chiwindi. Inayo ndiyo ya thumba.

Koma nthiti za amalume sizinapezeke. Anafufuza pamwamba, anafufuza pambali, zala zikungomira.

"Zilipo," anatero amalume. "Ndinaziona komaliza chaka chimene ndinakwatira."

"Kanikiza, si dzira limenelo," anatero amayi ali pa makina.

Anakanikiza. Amalume anadumpha n'kuyamba kuseka ngati mwana, miyendo ikupalasa pansi, akuchonderera kuti m'khwapa mokha asafikemo. Nayenso Kaphee kuseka kunam'pulumuka, ndipo ali mkati moseka anazindikira kuti pansi pa chala chake pali fupa. Anachonga ndi choko. Anatsika, n'kuchonganso. Posakhalitsa vesiti ija inadzaza mizere, ndipo kumanja kwake anajambulako chiwindi, chachikulu ngati chipewa chopindika.

Amalume anakaima pa kalilole. "Chonsechi n'changa ndekha?"

"N'chanu. Ndipo chimagwira ntchito zoposa zanu. Sichipuma ngakhale Lamlungu."

"Wamva, mlongo? Wayamba mwano. Sukulu imeneyi ndi yabwino."

Chinatsala ndi mtima. Kaphee anaika chikhatho pa mpata wachisanu, mbali ya thumba, koma kunali zii.

"Wanga uli ngati injini ya basi," anatero amalume. "Umamveka pamtunda pokha."

Amayi sanachedwe. Anawatuma kukwera ndi kutsika sitepe ya pakhomo kakhumi. Wokonza nsapato wa khomo loyandikana anasiya ntchito n'kumawawerengera mokweza, akubwereza dala zisanu ndi ziwiri. Amalume anabwerera ali wefuwefu, n'kudziponya pa mpando. Kaphee anaikanso chikhatho, ndipo ulendo uno anasiya dzanja lonse ligone, osalithawitsa.

Unalipo. Sunali ngati wake, umene ankaumva m'thupi lonse mpaka m'makutu. Uwu unkabwera pamalo amodzi, pang'ono ngati nsonga ya chala, ngati munthu ali mkati akugogoda kuti amutsegulire. Anapitiriza kuumvetsera, mpaka amalume anafunsa ngati nkhani yake ndi yoipa.

Tsiku lonselo amayi sanagwirenso tepi. Aliyense wolowa ankamulozera kwa Kaphee. Anapatsa moni mayi wofuna diresi la ku ofesi, bambo wong'ambika thumba, atsikana atatu a yunifolomu. Manja ena anali ozizira, ena okhakhala, lina linkanunkha sopo. Poyeza papheŵa ankapeza nsonga ya fupa imene ankaidziwa dzina, poyeza m'chiuno chimodzimodzi. Anadabwa kuona kuti malo amene amayi ake akhala akuikapo tepi zaka zonsezi ndi omwe aja a m'buku, kungoti iwo ankawatchula kuti "apa" ndi "apa".

Lolemba m'mawa labu inali itagawidwa ndi makatani m'zigawo zisanu. Pa chigawo chilichonse wophunzira ankapatsidwa mphindi zitatu, belu likalira n'kusuntha. Zinayi zoyamba Kaphee anadutsa ngati akutsika mtunda: fupa la ntchafu, chigaza, chithunzi cha impso, minofu ya mkono. Chachisanu chinali cha munthu wamoyo, ndipo ndicho chinali ndi malikisi ochuluka. Wolephera pamenepo ndiye kuti walephera zonse.

Pabedi panakhala mlonda wa pageti la koleji, bambo wowonda amene aphunzitsi ankamukonda pa mayeso chifukwa nthiti zake zinkawerengeka uli pakhomo. Thaulo linali litaphimba pheŵa limodzi ndi mkono wake. A Chigaza anakhala pambali ndi pepala ndi cholembera.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Kaphee. Mawu anatuluka, dzanja linatambasuka, koma maso anatsalira pansi monga kale. Dzanja louma linagwira lake. Mumtima anati: ili ndiye lamanja, thumba lili uko.

"Pamene mtima umamveka bwino," anatero a Chigaza.

Anapempha mlondayo kuti agone chagada. Anapeza kaphiri kaja, nthiti yachiwiri, n'kutsika mpaka mpata wachisanu, m'mphepete mwa thaulo. Anagoneka chikhatho chonse.

Kunali zii.

Anadikira. Anasuntha pang'ono kunsi, pang'ono pambali. Kuseri kwa katani wina ankatchula mayina a mafupa mothamanga. Cholembera cha a Chigaza sichinkayenda. Lachisanu akanaloza pomwepo n'kuchotsa dzanja, poti kuwerenga kunali kolondola. Koma tsopano ankadziwa chimene chikhatho chimayenera kumva, ndipo pa munthu wowonda chonchi sichikanabisala. Ngati palibe wogogoda, ndiye kuti wafika pa khomo lolakwika.

Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana mlondayo bwinobwino, kuyambira kumaso. Bamboyo ankamwetulira ndi mano otalikirana. Pansi pa thaulo, mbali yomwe Kaphee anaikako dzanja, pankasuzumira chikhakha choyera chimene madokotala anamanga pa mkono wothyoka.

"Bambo, mwandipatsa dzanja lamanzere."

"Lamanjali lili pa tchuthi, mwanawe. Njinga inandigwetsa sabata yatha. Mwadutsa pageti masiku onsewa osandipepesa."

"Pepani kwambiri. Ndiloleni ndiyambirenso."

Anayambanso pa fupa la pakati, n'kutsika mbali inayo, akuwerenga mokweza. Pa mpata wachisanu, molunjika pakati pa fupa lopingasa la kunsi kwa khosi, anagoneka chikhatho. Nthawi yomweyo chinam'menya: gu, gu, gu.

"Ndi apa."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikuumva."

"Chiwindi?"

Anabwerera ku mbali ya chikhakha n'kutsata m'mphepete mwa nthiti ndi zala, akunena pamene chimayambira ndi pamene chimathera. Mlondayo anakoka mpweya atamupempha, n'kuutulutsa atamuuza.

A Chigaza analemba kenakake. Kenako anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga kumanja kuja mumakachedwa chiyani?"

Kaphee anamva kutentha m'makutu. Yankho linatuluka lokha asanaliganize. "Ndimafuna nditsimikize kuti kulibe wina."

Mlonda anaseka mpaka anagwira mkono wake wothyokawo. A Chigaza sanaseke, koma pakona pa mlomo wawo panagwedezeka. Belu linalira.

"Ambiri akasochera amaloza msanga kuti ndisaone," anatero akutembenuza pepala. "Inu munadikira kuti thupi likuyankheni. Sabata yamawa mubwere ndi nsapato zofewa. Ku wodi kulibe benchi yakumbuyo, muziyenda tsiku lonse."

Kaphee anatsegula katani kuti atuluke, koma anabwerera n'kukonzera mlondayo thaulo papheŵa.

"Wotsatira alowe," anatero a Chigaza.