Diresi ya Nkhanga pa Sitetasi

Emelda anali telala pa Lufita, makina ake pakhonde la golosale ya a Safeli, ndipo kusoka kokhako mayi uja ankatha. Vuto anali mlendo. Kwawo ku Ntcheu, kuno anangotsatira amuna ake aphunzitsi, ndiye azimayi ankangomupatsa moni nkudutsa kupita kwa atelala awo akale. A Safeli anali atanena kale kuti pali mnyamata wokonza mafoni akufuna malo omwewo. "Ine ndimafuna wondikokera anthu pano mama. Pakapanda kusintha ndimupatsa iyeyo."

Nzeru inachokera kwa mng'ono wake Thandi wa ku Lilongwe kkkk. "Asisi inu mukugona. Chilichonse mwasoka muzijambula, muziika pa sitetasi pa Watsapu, anthu aziona."

Ndiye zinayambadi kuyenda. Manesi ena a pa Boma anabwera. Kenako a Nancy, apampando a amayi a ku tchalitchi, anabweretsa mpukutu wonse wa nsalu kuti asokere gulu lonse mayunifolomu. Emelda mpaka anayamba kuimba akupalasa makina. Amayi onsewo kumabwera kudzayezetsa, a Safeli akananenanso chani?

Tsiku lina masana anthu ali ku maliro, kunabwera Tina, mwana wa a Nancy omwewo, wa folomu 3, woimba kwaya. Anatulutsa diresi mu jumbo, ya chitenje chobiriwira cha nkhanga zachikasu, chomwe bambo ake anamugulira ku Tunduma.

"Anti, mundikulitsireko m'mimbamu. Koma zisaoneke."

Emelda anamuyang'ana nkhope, anayang'ana m'chiunomo, anadziwa. Anaphwasula m'mbali, anabisa kansalu mkati, kutsogolo nkuika timakwinya ngati ndi sitayilo. Ntchito inatuluka bwino moti Emelda anadzichemerera yekha. Basi anaipachika pa msomali, nkujambula. Nkhope palibe, dzina palibe, diresi yokha. Pansi pake nkulemba kuti, "Yathina m'mimba? Timakulitsa mosadziwika, olo amayi anu sangaone."

Kkkkkk abale, mawu omalizawo.

Chomwe Emelda samadziwa nchoti kuno si ku tauni komwe nsalu imodzi amavala anthu gulu. Pa Lufita chitenje cha nkhanga chinali chimodzi basi, ndipo aliyense anachiona pa Khirisimasi Tina akuimba kutsogolo. Nesi wina anaonetsa mnzake. Mnzakeyo anaijambulanso nkuponya pa gulupu ya kwaya. Pamenepo foni inamaliza ntchito yake, zotsalazo inanyamula milomo, ku mjigo, ku chigayo, pa kabaza. Emelda pofufuta sitetasi ija nkuti nkhani itafika kwa agogo oti Watsapu sadziwa kuti ndi nyama yanji.

Mawa lake a Nancy anatulukira, nkhope ili gwa.

"Mwawuka uli mama," Emelda anayesa ka Chitumbuka kake.

"Ndabwera kudzatenga nsalu ya amayi," iwo anayankha m'Chichewa, ngati akumubwezera chenji.

"Mama, ine sindinatchule dzina la munthu."

"Dzina la chani? Nkhanga zija ndimachapa ndine." Anakokera mpukutu uja pafupi. "Mwana wanga kulakwa walakwa, tikanakamba m'nyumba mwathu. Koma ine ndamvera ku chigayo, kwa munthu woti olo foni alibe. Adada ake amvera pa bawo."

Anasenza mpukutu uja pamutu, ulendo. Sabata yomweyo Tina anamukweza lole kupita kwa ankhazi ake, alongo a bambo ake, ku Nthalire, sukulu yathera pompo. Azimayi anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense kudzatenga nsalu yake yosadula. Sankakalipa ayi, mpaka ankathokoza kuti yewo. Wina anangoti, "Thupi langa mwaliyeza kale, ndiye musaliike pa foni."

Emelda anaimbira Thandi akulira. Thandi akuti, "Koma asisi anaonera anthu angati? Ndiye kutchukatu kumeneko. Ikani zina zokongola, aiwala."

Anaikadi. Masiketi, mabulauzi, kamalaya ka mwana. Anthu ankaonera onse, mayina ali ndandanda pansipo, a Nancy omwe kkkk, koma pakhonde zii.

Lachisanu kunabwera mayi wina wa ku Kaseye pa njinga, thukuta kamukamu, zitenje zatsopano atamanga pakaliyala. Foni analibe, nkhaniyo sanaimve. Emelda anadzuka msangamsanga, anapukuta benchi ndi chitenje chake, tepi ili kale m'manja. Mayiyo akutsamiritsa njinga, wogulitsa tomato wapafupi anamuitana, "Mama, zaninge kuno dankha." Ananong'onezana m'chinenero chawo, Emelda anangotolapo mawu amodzi, foni. Mayi uja anacheuka, anamwetulira mwaulemu, anagula tomato wongonamizira, nkukankha njinga yake kulowera kwa telala wa kuseri kwa msika.

A Safeli anaona zonse ali pa kauntala. Anatuluka akukanda m'mutu.

"Mama, mnyamata uja abwera Lolemba ndi tebulo lake. Makinawa ndikuthandizani kunyamula, musavutike."

Emelda anangogwedeza mutu, nkuyamba kuchotsa ulusi pa makina.