Felemu ya Jesse Sakala

Ndiye kuti akudziwa, chifukwa akanapanda kudziwa sakanasankha iyeyo mwa anthu onse okonza njinga mu Kitwe muno — koma mwinanso ayi, mwina wamusankha chifukwa chosadziwa komweko, poti munthu ukafuna kuika mwana wako pamsewu umaitana amene umamukhulupirira, ndipo Jesse Sakala analibe mnzake wina woposa Fidelis Daka chiyambire masiku amene ankatsikira limodzi mumgodi. Maganizo awiriwa ankalandirana m'mutu mwa Fidelis kuchokera Lachitatu, pamene Jesse anaimba foni n'kunena mawu ochepa chabe: "Felemu yanga ija taitsitsa m'galaja. Damaris akufuna kuyamba kutchova. Ubwere umumangire njinga." Lero linali Loweruka, dzuwa litakwera kale, ndipo Fidelis, ali chiimire pa kashopu ka zida za njinga mkati mwa msika wa Chisokone, anali asanadziwebe kuti mwa maganizo awiriwo loona ndi liti.

Zina zonse anali atazipeza m'kati mwa sabata, chilichonse atachiyeza kuti chigwirizane ndi chinzake: mawilo opyapyala, magiya khumi a kumbuyo ndi tcheni yake yoonda ya magiya khumi omwewo, mabuleki a manja aatali oti afike bwino pa limu ya wilo, chitsulo cha chishalo cholowa mu felemu mosagwedera. Chotsala chinali handulo basi. Ndipo handulo ndi imene anakhala akuizemba masiku atatu onsewa.

Mwini shopu, mayi Felistus a ku Katete, anali atamupatsa moni m'Chibemba monga amachitira ndi aliyense, koma ataona kuti munthuyu wabwezeranso choyezera chake pakati pa handulo ija, anatembenukira ku chinenero cha kwawo.

"Ba Daka, kasanu aka mukuyeza. Ndi 26 yomweyo, siikula ayi."

"Ndifuna nditsimikize."

"Ikachepa mungokulungapo kachitini. Onse amatero."

Onse amatero. Phokoso la makondakitala oitanira anthu a ku Ndola, fungo la kapenta, kulira kwa makina a atelala, zonse zinachita ngati zasunthira kutali, ndipo iye anadziona ali kuseri kwa nyumba ya Jesse zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Loweruka ngati lomweli, atagwira handulo imene Jesse anaitola pa salaula, pamsika wa zinthu zakale, akuinyadira ngati mwana. Khosi la njinga, kachitsulo kamene kamaluma handulo pakati, linali la mamilimita 26. Handuloyo inali ya 25.4. Kusiyana kwake sikunkaposa kunenepa kwa chikhadabo. Akanatha kunena kuti siikwana, dikira tipeze ina — mawu ochepa, osavuta — koma Jesse anali m'nyumba akuonera mpira, ulendo unali wa mawa lake, ndipo iye Fidelis anali fita wa ku mgodi, munthu amene makina akuluakulu ankamumvera, woti sangagonje kwa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Anadula chitini cha chakumwa, anakulunga, anamanga mabawuti, anagwedeza kamodzi. Sinasunthe. Sananene kanthu kwa munthu aliyense.

Anatenga handulo yatsopanoyo kwa mayi Felistus n'kuyamba wapansi kulowera ku Parklands, ataikolowekera paphewa, nyanga zake zopindikazo zikumugunda m'nthiti. Sanafune minibasi. Ankafuna nthawi, ngakhale ankadziwa kuti nthawi imeneyo aidzaza ndi msewu womwe uja: anthu asanu ndi awiri akubwerera pa njinga kuchokera ku Ndola, Lamlungu m'mawa, malole a kopa akuwapitirira ndi mphepo yake, potsetsereka popita ku mlatho wa Kafue Jesse ali patsogolo, iye pambuyo pake, enawo atatsalira kutali. Dzenje pamsewu. Jesse anagwira mabuleki mwamphamvu, thupi lonse litatsamira kutsogolo, ndipo handulo inagwada — Fidelis anaiona ndi maso ake, inangozyolika ngati mutu wa nkhuku yothyoka khosi — munthu n'kuuluka pamwamba pake kukagwera chagada m'mphepete mwa tala.

Zimenezo mwina Mulungu akanamukhululukira, chifukwa kulakwitsa pa ntchito aliyense amalakwitsa. Chimene sichinkachoka ndi chimene chinatsatira. Anatsika pa njinga yake, Jesse ali gone apo osagwedezeka, ndipo iye, m'malo mothamangira kwa mnzake, anayamba wapita pa njinga ya Jesse. Anapana wilo la kutsogolo pakati pa maondo, anaikokera handulo m'mwamba kuibwezera m'malo mwake, anasolola kachitini kamene kanali katasuzumira m'mbali, n'kukaponya m'udzu. Masekondi angati? Khumi, mwina makumi awiri — anakhala akuwawerenga zaka zonsezi ndipo sankatuluka ofanana. Kenaka ndi pamene anagwada. Ndipo maso a Jesse anali otsegula. Otsegula, atayang'ana mbali yomweyo. Koma madokotala anati munthu akamenyetsa mutu chotero maso amatha kupenya osaona, ndipo Jesse mwini, atatsitsimuka, anati chomaliza chimene ankakumbukira ndi nthochi imene anadya akutuluka mu Ndola. Onse anati ndi dzenje. Fidelis nayenso anati ndi dzenje.

Pa geti anamulandira Gertrude, mkazi wa Jesse, atagwira kale kapu ya munkoyo wozizira.

"Mwafika alamu. Anzanu akhala akufunsa nthawi chiyambire m'mawa."

Ankamulandira chonchi nthawi zonse, ndi nkhope yomweyi, ndipo ku tchalitchi ankauza amayi anzake kuti a Daka ndi amene anagwira khosi la amuna anga mpaka galimoto itabwera, a Daka sanadumphepo Lamlungu osabwera kudzawanyamula, kuwasambitsa, kuwameta. Zonsezo zinali zoona, ndipo kuona kwake ndiko kunkamuwawa, chifukwa iye sankadziwanso ngati ankabwera chifukwa cha chikondi kapena ankabwera kudzayang'ana m'maso mwa Jesse sabata ndi sabata, ngati munthu wosuzumira mumphika kuti aone ngati zayamba kuwira.

Jesse anali pakhonde la kumbuyo, pa njinga yake ya olumala, zida atazindandalika pa thaulo pamiyendo pake. Mapewa ake anali atakula zaka izi, miyendo itafota mkati mwa thalauzi. Felemu inali itatsamira khoma: yachitsulo, yobiriwira, penti itakalika mbali imodzi. Foloko yakale yogwira wilo la kutsogolo inapindika tsiku lomwe lija ndipo anaitaya. Yatsopano inali pambali, mu pepala lake.

"Wachedwa, Fide."

"Handulo inavuta."

"Zimavuta zimenezo," anatero Jesse, akupukuta sipanala.

Akutanthauza chiyani? Mwina palibe, munthu aliyense wodziwa njinga anganene zomwezo. Fidelis anatulutsa ulusi m'thumba, anaumanga pa phazi limodzi la kumbuyo kwa felemu, anauzunguliza kutsogolo n'kuubwezera ku phazi linalo, ndipo poyeza mpata wa ulusi mbali ino ndi mbali inayo anadzipeza akupemphera kuti zisiyane, kuti felemuyo ikhale yokhota, anene kuti pepani, iyi yatha ntchito, mwana asakwerepo. Anayeza kawiri. Inali yowongoka ngati yatsopano. Chitsulocho chinatuluka pa ngozi ija chilibe chilema, chilema chonse chinapita kwa munthu.

Ndiye anayamba kumanga, ndipo manja ake, amene sadziwa manyazi, anagwira ntchito bwino lomwe. Anapaka girisi, analowetsa mabelingi a pakati pamene pamazungulira mapedulo, akukumbukira kuti mbali ya kumanja imamangira chakumanzere. Anaika foloko, mawilo, magiya. Anadula tcheni pa utali wake n'kuilumikiza. Anakoka mawaya, n'kuzungulitsa pedulo ndi dzanja kumvetsera tcheni ikudumpha giya limodzilimodzi, khumi onse, popanda kukhosomola. Jesse ankamupatsira chida chilichonse asanachipemphe. Ankangoyang'ana, ndipo kuyang'anako Fidelis ankakumva pankhongo ngati dzuwa la mwezi uno wa Okutobala — ndi maso a munthu amene wasowa fungo la girisi, ankadziuza, ndi maso a bambo amene akufuna mwana wake akwere chinthu chabwino, palibenso china. Koma nanga bwanji felemu yomweyi, bwanji osagula ina, bwanji mwana mmodzi yekhayo amene ali naye? Kodi munthu angatchere msampha ndi mwana wake? Kapena ndi njira yake yonenera kuti ndinakukhululukira kalekale, ona, ndikukupatsa chimene ndimachikonda koposa? Ndipo ngati ndi choncho, chikhululukiro chotere munthu angachisenze bwanji, chosatchulidwa, chopanda poti ugwade n'kulira?

Inafika nthawi ya handulo. Inalowa m'khosi mwake mothina bwino, chitsulo pa chitsulo, popanda mpata woti ngakhale tsitsi lidutse. Anamanga mabawuti mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Kenaka anapana wilo pakati pa maondo kuti ayese — ndipo thupi lake linazindikira kaimidwe kameneko iye asanakazindikire — anatsamira ndi mphamvu zake zonse, anadzikweza mpaka mapazi anasiya pansi, kamodzi, kawiri, kachitatu.

"Uthyola," anatero Jesse.

"Jesse." Fidelis anasiya handulo ija. "Tsiku lija —"

Geti inalira. Anali Damaris, akuchokera ku ntchito yake ya ku famase, wamtali ngati bambo ake, chipewa cha panjinga atachigula kale chili m'manja. Anaponya chikwama pansi n'kuzungulira njingayo akuseka.

"Ba uncle! Ndi yomwe ija iyi? Ndikwere?"

"Dikira ndionenso mabuleki."

"Waona kale kanayi," anatero Jesse. "Msiye mwana."

Anamutsitsira chishalo pang'ono, anamuonetsa posinthira magiya, anamuuza kuti asapitirire pa mphambano, asatsike kumsewu waukulu, lero ayi. Damaris anangoti inde, inde, maso ali kale kunja. Gertrude anakana kutuluka, anati mtima wake sungapirire, aonera pawindo. Fidelis anakankha Jesse pa njinga yake ya olumala mpaka pa geti, mawilo ake ang'onoang'ono akukodwa m'miyala, ndipo anaima pamenepo awiriwo, pansi pa mtengo umene unali utagwetsa maluwa ake ofiirira mumsewu monse, akuyang'ana mtsikanayo akugwedera poyamba, kenaka n'kuwongoka, n'kuwerama, msana wake ukutenga mpindiko wa bambo ake umene Fidelis anautsatira kumbuyo zaka makumi awiri.

"Masiku ano ndayamba kulota msewu uja," anatero Jesse, osatembenuka.

Fidelis anatembenukira kwa iye.

"Umaona chiyani?"

"Zochepa. Udzu. Thambo." Maso ake anali adakali pamsewu. "Ndi nsapato zako. Zitaima patali."

Kumapeto kwa msewu Damaris anali atasiya kupalasa, akutsetsereka kulowera pa mphambano, dzanja limodzi atalikweza m'mwamba kuwabayibitsa, osachepetsa liwiro. Fidelis anatsegula pakamwa kuti akuwe, kapena kuti anene zija, sanadziwe kuti chiyambe kutuluka n'chiti — ndipo nthawi yomweyo dzanja la Jesse linakwera kuchokera pa wilo n'kumugwira pamkono, dzanja lolimba, lokhakhala, lotentha, la munthu amene wadzikankha yekha zaka zisanu ndi chimodzi, zala zikumira mpaka pa fupa. Ndipo mwa kugwira kumeneko Fidelis sanathe kusiyanitsa ngati ndi bambo wamantha amene akufuna potsamira, kapena ndi munthu amene wagwira chimene wakhala akuchidikira ndipo sachitayanso.