Bokosi la Bambo a Gyamfua

Chisamani chidabwera ine ndili pa makina, ndikulimbana ndi diresi ya mkwatibwi wina wovuta. Wapolisi adaima pakati pa bwalo la nyumba zathu za lendi ku Bantama, mumzinda wa Kumasi, n'kuitana dzina la Gyamfua mokweza, ndipo zitseko zonse zidatseguka nthawi imodzi. Anthu a pano ukawaitana kudzasesa samva, koma tsoka la mnzawo amalimva ali m'bafa.

Gyamfua ndi namwino, mtsikana wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anali atapeza ntchito kuchipatala cha kunja, ya kuno atasiya kale, sutikesi atagula. Chidangotsala chinali kalata ya kupolisi yonena kuti khoti silidamupezepo wolakwa. Popanda kalata imeneyo, ndege aziionera m'mwamba ngati ife tonse.

Mlanduwo unali wa cheke, ndipo tsiku limene ankachilemba ndinalipo. Bambo ake atamwalira ndidamuperekeza ku Asafo kwa Agya Boampong, wokhoma mabokosi a maliro, poti bokosi la bambo amagula ndi ana. Adasankha labwinobwino, la mtengo woti akwanitsa. Koma nafe panali Maame Tiwaa, mlongo wa malemu, amene pakamwa pawo sipapuma.

"Mchimwene wanga agone m'bokosi la matimati? Ukufuna Kumasi yense atiseke?" Adaloza lina loyera, la zogwirira zonyezimira.

"Azakhali, ndalama zanga zathera ku za ulendo."

"Lemba cheke, uike tsiku la kutsogolo. Chipepeso chikalowa tidzakubwezera. Ine ndingakunamize pa mtembo wa mchimwene wanga?"

Ndidamutsina Gyamfua pamkono, koma iye anali atatulutsa kale cholembera.

Maliro adayenda, zimenezo sindingakane. Matenti adatseka msewu, ng'oma zidalira, bwalo lonse lidafiira ndi nsalu, ndipo chimkuzamawu chidakhalira kutchula mayina a opereka mpaka wolengezayo adasasa mawu. Koma chipepeso chimalowa m'manja mwa akuchimayi a malemu, ndipo powerenga amadzitsekera m'chipinda, ana sakhalapo. Atatsegula chitseko adati zonse zathera ku matenti, zakumwa ndi ngongole ya kumochale. Gyamfua atakumbutsa za bokosi, Maame Tiwaa adadabwa ngati akumva koyamba.

"Bokosi? Chiyambire liti banja kugulira ana bokosi? Nanga inuyo adakuberekerani chiyani?"

Banki idachikana chekecho, Agya Boampong n'kupita kupolisi. Munthu uja sindimuda. Titapita kukamupempha adatipatsa mpando ndi madzi, n'kutiuza kuti nayenso eni matabwa amukhalira pakhosi.

"Mwana wanga, likanakhala mpando ndikanangobwera kudzanyamula. Nanga ili ndikafukule? Bweretsa zonse tsiku la kukhoti lisanakwane, mlandu ndikauchotsa."

Tidayenda, amwali. Ine ndidapereka zanga za m'chipereganyu, Gyamfua adagulitsa firiji ndi foni, koma sizidafike ngakhale theka. Amene ankavina kwambiri pamaliro ndi amene sankayankha mafoni.

Kasitomala wanga wina ndi loya, ndipo adamulangiza Gyamfua ulere nditamusokera siketi. Adati asajombe kukhoti, chifukwa kujomba n'kudziitanira unyolo. Adatinso akane mlandu, afotokoze kuti polemba ankakhulupirira kuti ndalama zibwera, ndipo azakhaliwo aitanidwe adzalumbire ngati sadalonjeze. Mwayi unalipo, ngakhale wochepa.

Maame Tiwaa atamva adabwera okha, n'kukhala pampando wanga wa makasitomala osapatsidwa. Sadakalipe ayi. Adalankhula motsitsa, ndipo ndi apo ndidadziwa kuti zathu zada.

"Ndiye ukaime pagulu, unene kuti bambo ako agona m'bokosi la ngongole? Alendo onse aja adamva kuti wagula ndi mwana wake namwino. Ukawavule bambo ako ali m'manda kuti iwe ukwere ndege? Chabwino, pita. Koma nawenso udzafa, tidzaona odzakuika."

Atachoka ndidamukalipira Gyamfua. Ndidati akufa sachita manyazi, manyazi ndi a amayi ajawa. Iye ankangopinda ndi kupindula nsalu yanga.

Kukhoti kunali kodzaza, oba mbuzi, omenyana, madalaivala a maminibasi a trotro. Maame Tiwaa adakhala benchi ya kutsogolo atavala zakuda, ngati maliro akadalipo. Dzina litatchulidwa Gyamfua adalowa m'kabokosi ka oimbidwa mlandu atavala diresi imene ndidamusokera ya paulendo, poti ina yooneka bwino analibe. Kalaliki adawerenga mlandu, n'kumufunsa ngati akuvomera kapena akukana.

Adayang'ana ine, kenako azakhali ake.

"Ndikuvomera."

Woweruza, mayi wachikulire wa magalasi, adakweza mutu. "Mwana iwe, ukumvetsa chimene ukuvomera? Ulibe choti ufotokoze?"

"Ndilibe, amayi. Ndinalemba ndekha."

Ndidafuna kuimirira ndifotokoze ineyo, koma wapolisi adandiponyera diso, ndipo mlandu sunali wanga. Woweruza adati poti n'koyamba sapita kundende, alipire chindapusa, ndipo za Agya Boampong azibweza pang'onopang'ono. Kenako apolisi adamutengera m'chipinda cha kuseri kukadinda zala. Sizidatenge nthawi, adali ataitana kale wina wa mbuzi.

Panja Maame Tiwaa adamukumbatira pamaso pa anthu.

"Waona, sadakumange. Wasunga dzina la banja, mwana wa mchimwene wanga. Ndiye unyamuka liti? Ukakafika kunjako usatiiwale, denga la kumudzi likudontha."

Mayi uja sankadziwa n'komwe chimene wapha, kuti kalata ya kupolisi ija sidzatulukanso. Ndidatsegula pakamwa kuti ndimutsanulire zonse, koma Gyamfua adandigwira dzanja, inki ya zala zake n'kundipaka.

"Ndamva, azakhali."

Pobwerera tidakwera trotro. Ine misozi inkangotsika, ya ukali ndi chisoni pamodzi, iye maso ali gwa pazenera. Titadutsa msika wa Kejetia adanditembenukira.

"Achemwali, mtsikana wanu wosoka mabatani uja munati wasiya?"

"Wasiya."

"Musafune wina. Kusoka ndimatha, ndasoka mabala ambiri."