Milomo Yofiira ya Geua

Mng'ono wanga Geua anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu pamene mapazi ake anayamba kukana masilipasi. Mutu unkamuwawa tsiku ndi tsiku, ndipo akakwera makwerero a nyumba yawo yomangidwa pa nsanamira m'nyanja ankachita wefuwefu ngati wasenza thumba la ufa wa sago. Ine ndinkaona ndipo ndinkaopa.

Apongozi ake, mayi Dairi, ankamukonda mopitiriza muyeso. M'mawa uliwonse ankamusankhira buwai wanthete, mtedza uja timatafuna ndi ufa woyera wa laimu n'kufiira m'kamwa, ati uchotse nseru. Choncho milomo ya Geua inkakhala yofiira psuu. Ndikangoti titchule za chipatala, mayiwo ankandiseka.

"Iwe Boio, tamuona pakamwapo. Munthu wodwala amafiira chonchi? Mdzukulu wanga adzabadwira m'nyumba muno, mmene anabadwira bambo wake."

Pakamwa panga sipachedwa kutseguka, koma apa panali pakhomo pa eni. Ndinangowanyengerera kuti atiperekeze kusikelo, akadzimvere okha kuti mpongozi wawo ali bwino.

Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, Kaia, anamanga Geua lamba pamkono n'kupopa. Anapopanso kachiwiri. Kenako anamukoka chikope cha m'munsi, ndipo mkati mwake munali moyera ngati mnofu wa kokonati.

"Mapiritsi owonjezera magazi aja ukumwa?"

Geua anayang'ana pansi. "Amati mwana amakula kwambiri, ndiye pobereka amavuta."

"Magazi ako ndi ochepa kwambiri, komanso akuthamanga. Upite kuchipatala chachikulu kutauni lero lomwe, ukadikirire komweko."

"Asisita, sankhanipo chimodzi," anatero mayi Dairi. "Magazi ochepa angathamangenso bwanji?"

"Zimakumana ndithu, amayi. Tikaona mayi woyembekezera wochepa magazi kwambiri timayang'anitsitsa kuthamangako, chifukwa kawirikawiri zimabwera pamodzi. Zonse ziwiri zimamana mwana chakudya m'mimbamo. Ndipo akakomoka kapena kutaya magazi pobereka, alibe otsala oti amusunge. Kuno ndilibe magazi omupatsa."

"Koma milomoyo mwaiona?"

Kaia sanatsutse. Anatunga madzi m'kapu, anatenga kansalu koyera n'kupatsa mayi Dairi m'manja.

"Mupukuteni nokha."

Geua anachukucha m'kamwa n'kulavula. Mayi Dairi anayamba kumupukuta pang'onopang'ono, monga amapukutira khanda. Kansalu kanafiira. Anaviikanso, anapukutanso, kenako anamutsitsa mlomo wam'munsi ndi chala n'kuyang'ana mkati. Munali motuwa mbuu. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo ine, amene ndinabwera nditakonzeka kukangana nawo, ndinawamvera chisoni.

Morea, mwamuna wa Geua, anali panja pa mthunzi akudikira. Mayi ake anamuitana mosakweza mawu.

"Kathire mafuta m'boti nyanja isanayambe kuwinduka. Utenge mphasa, poto ndi nthochi zija. Ndikupita nawo."

"Amayi, si inu munati adzabadwira kunyumba?"

"Ndinatero." Anapinda kansalu kaja n'kukabweza kwa Kaia. Kenako anatembenukira kwa Geua n'kumukonza tsitsi pachipumi. "Mwana wanga, Morea si woyamba wanga. Woyambayo ndinamubereka m'nyumba momwemuja, mapazi atatupa ngati akowa, ndipo sanalire. Aliyense ankanena kuti ndikuoneka bwino."