Komiti Iliyonse Imasiya Chake

Mayi anawerama n'kudutsa pansi pa chingwe chofiira chimene akuluakulu a yunivesite anazinga nacho nyumba ya bungwe la ophunzira. Anakankha chitseko, koma chinakana. Chinali chitatsamira pansi mbali imodzi, moti mnyamata wina m'katimo anachita kuchinyamula kuti chitseguke.

"Mukufuna ndani, amayi?"

"Mwana wanga. Inu mumati Mlembi. Ine ndimati Mzime."

Anali atagwira ntchito usiku wonse kuchipatala, ndipo nkhaniyo anaimvera pa wailesi ya m'basi akubwerera kunyumba. Ankati akatswiri agamula kuti nyumbayo igwetsedwe, koma ophunzira alowamo ndi matiresi awo, akuti satuluka. Mayi anatsika basiyo n'kukwera ina.

M'holo munkanunkha masokosi ndi khoma lonyowa. Ana a eni anali mbwee pansi, ena akusewera makadi, ena akuwerenga. Mayi sanawayang'ane nthawi yaitali. Maso awo anakakamira pa mng'alu umene unayambira pakona ya zenera n'kukwera mokhotakhota mpaka kudenga. Wina anali atamatapo pepala lalikulu lolembedwa kuti SITICHOKA, ndipo pepalalo linali litang'ambika pakati, motsatira mng'aluwo.

Mzime anatsika masitepe akuthamanga, maso ali psuu ndi tulo.

"Amayi, mwabwera bwanji kuno?"

"Pa basi. Katenge chikwama chako."

"Sindingachoke. Ndine mlembi wa bungwe."

"Pepala ili mwamata liti?"

"Dzulo."

"Waling'amba ndani?"

Mzime analiyang'ana. M'malo mwake anayankha ndi mnyamata wamtali, wa mawu osasa chifukwa cha kufuula, amene onse ankamutcha Tcheya. Anawagwira Mayi dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ngati wophunzira ndale.

"Takulandirani, mayi athu. Mwina simukuidziwa nyumba ino. Mukadaidziwa, bwenzi mutabwera ndi bulangeti."

"Ndiuze, koma mwachidule. Miyendo yanga yatupa."

Tcheya sankadziwa chidule. Anawayendetsa m'mbali mwa khoma akuloza mayina olembedwa ndi msomali pa simenti. Poyamba penipeni, anatero, nyumbayo inali kachipinda kosungiramo makasu ndi mawilibala a m'munda wa sukulu. Nthawi imene ophunzira ankaletsedwa kusonkhana, ankabisala mmenemo atakhala pa matumba, mmodzi akusuzumira pa bowo la kiyi. Bungwe litaloledwa, komiti yoyamba inagumula khoma n'kukulitsa holo. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo: komiti iliyonse imasiya chake. Ena anamanga chipinda cham'mwamba ndi manja awo patchuthi. Ena anasanjapo laibulale. Ena anawonjezera kachipinda ka wailesi pamwamba pa laibulaleyo.

"Mukuona? Njerwa iliyonse ili ndi mwini wake."

"Nanga inu mwasiya chiyani?"

"Thanki ya madzi, padenga. Ya simenti, yaikulu. Mvula ikagwa imadzaza yokha." Anamwetulira n'kuloza Mzime. "Nzeru za Mlembi wathu. Atsikana ankavutika ndi madzi kuno."

Mayi anakweza maso kudenga. Pakati pake panali chibanga chakuda cha chinyezi, ndipo denga lenilenilo linali litatsika pang'ono ngati mimba ya mbuzi yokhuta.

"Ndiye kachipinda ka makasu mwakasenzetsa zonsezi."

"Kasenza zaka zambiri, amayi. Mng'alu uwo ngwakale. Akuluakulu angopezerapo mwayi. Akufuna malo ano amangepo maofesi awo. Akagwetsa nyumba ino, bungwe lizikumanira pansi pa mtengo, ndipo chaka chamawa adzadula mtengowo. N'chifukwa chake tili pamodzi muno. Mutu umodzi susenza denga."

"Denga ilo likabwera, ngakhale mitu yanu yonse siilisenza."

Ena anaseka. Mayi sanaseke. Mumtima ankadziwa kuti mnyamatayo mwina akunena zoona za akuluakuluwo. Nawonso anagwirapo ntchito pansi pa anthu otere. Koma kuchipatala anaonanso mmene anthu amaonekera akawafukula pansi pa khoma, fumbi lili m'kamwa, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anafunsidwa ngati mlandu wake unali wolungama.

Kunja kunagunda. Kuwala kwa pazenera kunazilala, ndipo madontho oyamba anayamba kugogoda padenga. Posakhalitsa panamveka madzi akuthamanga m'mipope kupita m'thanki muja.

"Mzime, ndanena kuti katenge chikwama."

"Amayi, mukundichititsa manyazi pamaso pa anzanga."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Munandiphunzitsa nokha kuti ndisamathawe ndikayamba chinthu."

"Ndinkanena za masamu."

Mzime anapinda manja pachifuwa. Nkhope imeneyo Mayi ankaidziwa kuyambira mwanayo ali wa kumsana. Akaivala, ngakhale umukoke ndi thirakitala sasuntha. Mayi anapuma mozama. Analibenso mphamvu zokangana. Anagwira matiresi amene anali pafupi, n'kuwakokera patsinde pa mng'alu penipeni. Anakhala pansi, anavula nsapato, n'kutsamiritsa msana kukhomako.

"Mukutani, amayi?"

"Ndikugona. Sindinagone chigonere dzana. Inu pitirizani zanuzo."

"Osati pamenepo."

"Chifukwa?"

"Sunthirani uko basi."

"Uko pamwamba pake pali chiyani? Si laibulale?" Anatseka maso. "Mwati ndi bodza la akuluakulu. Ndiye ndisiyeni ndigone pa bodzapo."

Amene ankasewera makadi anasiya. Mvula inakula. Kuchokera mu mng'alu muja munayamba kutsika mchenga, pang'onopang'ono ngati mchere wothira ndi zala, n'kumagwera pa duku la Mayi ndi paphewa. Anaumva, koma sanaukunthe. Anapana manja pakati pa mawondo kuti mwanayo asaone mantha awo.

Kenako m'mwamba munamveka kuti thyo, ngati munthu waponda nthambi youma. Onse anayang'ana kudenga. Panalibe chimene chinagwa.

"Ndi matabwa chabe," anatero Tcheya. "Amatero kukazizira."

Mzime anagwada. Anatenga nsapato n'kuyamba kuwaveka amayi ake, mwankhanza, osawayang'ana kumaso. Anawadzutsa powagwira m'khwapa.

"Tiyeni."

"Ndi iwe?"

"Ndati tiyeni."

"Mlembi," anatero Tcheya, ulemu uja utatha, "ukadutsa chitseko icho, usadzabwerenso. Dzina lako pakhoma paja tilipala."

Kumbuyo wina anati, "Wagulidwa." Wina anaimba mluzu. Mzime anachinyamula yekha chitseko chija, chikulira pa simenti. Pakhomo Mayi anacheuka.

"Inunso muli ndi amayi anu," anatero.

Atsikana angapo anatola mabuku awo n'kuwatsatira mitu ili pansi. Otsalawo, amene anali ambiri, anayamba nyimbo, ndipo wina anatseka chitseko.

Anakabisala pamalo odikirira basi, tsidya lina la msewu. Kuchokera pamenepo nyumbayo inkaoneka yonse, chipinda pamwamba pa chipinda, chilichonse ndi mtundu wake wa njerwa, ndipo pamwamba penipeni thanki ija itadzaza, madzi akusefukira n'kumatsika ndi khoma. Mzime anaima chapatali.

"Mwandipha, amayi. Mawa nyumbayo ikakhala chiimire, ndidzawayang'ana bwanji?"

"Ndi maso."

Basi inabwera, inaima, n'kupita. Palibe anakwera. Mayi ankadziwa kuti nyumbayo ikapanda kugwa, mwanayu sadzawakhululukira. Anamugwira pamkono mwamphamvu, monga ankachitira powoloka naye msewu ali wamng'ono, ndipo maso ali pa mazenera amene munkachokera nyimbo ija, anayamba kupemphera chamumtima kuti isagwe.