Kalata ya Tabeth Inatulukira Kwina

Tabeth anali mphunzitsi wa pulayimale ku Mavwere, ndipo kwa zaka zinayi tchuthi chilichonse ankakwera matola kupita pa boma la Mchinji, pomwe yunivesite ina inatsegula kanthambi kake. Pofika 2007 chinatsala chinthu chimodzi chokha kuti alandire digiri: a Jobson, omwe ankayang'anira kafukufuku wake, asaine. Koma a Jobson, munthu wa tayi, wotsogolera mapemphero a m'mawa, anali atamuuza mosapsatira mawu kuti siginecha yawo imapezeka ku resitihausi ya kuboda, Loweruka masana.

Tabeth anakana. Koma kukana kokha sikukanamupatsa digiri, choncho analemba kalata yopita kwa akuluakulu a yunivesiteyo ku Lilongwe, yotchula tsiku, malo ndi mawu onse, dzina lake pansi. Anailemba pa laputopu yotopa imene mlongo wake, dalaivala wa thiraki, anamubweretsera kuchokera ku Chipata. Nzeru yake inali yakuti aisindikize, akwere nayo minibasi, ikafike a Jobson asanamve n'kamphepo komwe, poti munthu wotere akakutsogolera wakumaliza. Malo otaipira pamsika analipo, koma atsikana a pamenepo amawerenga chilichonse, ndipo Mchinji ndi wamng'ono.

Ndiye anapita ku laibulale ya pa kanthambi kaja kwa a Benedicto, oyang'anira makompyuta. Iwo analumikiza chingwe chabuluu ku laputopu ija, nadinadina, mpaka mayina atatu a mapulinta anaoneka.

"Muzisankha iyi yolembedwa Laibulale, mayi. Zinazo ndi za mabwana," anatero a Benedicto, n'kutuluka kukayankha foni.

Tabeth anayang'ana uku ndi uku, nadina. Pulinta ya pakona inangoti zii. Anadinanso. Zii. Paja ife chinthu chikakana timachibwereza, ngakhale wailesi timaimenya khofi kuti ilankhule. Anadina mpaka kasanu ndi kawiri, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, makina anuwa afa kodi?" anafunsa a Benedicto atabwerera.

Iwo anayang'ana pulinta ya pakona ija, nagwira pakamwa. "Mayo ine! Iyi si yathu. Yathu a Jobson anatuma amesenjala kudzaitenga Lolemba, akuti yawo imatafuna mapepala, ndiye anasinthanitsa. Mayina ndinaiwala kusintha. Zanuzo zatulukira mu ofesi mwawo. Dikirani ndikakutengereni."

Tabeth anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, moti ngakhale pemphero linakana kubwera. Anaganiza zothamanga, mwina muofesimo munalibe munthu, koma asanadzuke chitseko chinatseguka.

A Jobson analowa pang'onopang'ono, mapepala ali m'manja, akumwetulira ngati alandira alendo. Anthu onse a mu laibulale anaweramira mabuku awo, makutu ali tcheru.

"Mayi Tabeth, katundu wanu wasochera," anatero a Jobson mofatsa. "Mwalemba bwino ndithu. Pitani nayo ku Lilongweko, akukudikirani. Ndangowaimbira foni kuwachenjeza kuti kuno kuli mayi wina walephera kafukufuku, ndiye wapsa mtima, akufuna kundiipitsira mbiri. Malikisi anu ndatumiza kale pa fakisi."

Chilombo cha munthu, chinalankhula zonsezi osaphethira n'komwe! Tabeth anatembenukira kwa a Benedicto, koma iwo anali atalowa kale kunsi kwa tebulo, akukulunga chingwe chomwe sichinafunike kukulunga.

A Jobson anatambasula dzanja. Mapepala aja anali akadali ofunda. Tabeth anafuna kukuwa, anafuna kuwalavulira kumaso pamaso pa onse. Koma anangopezeka kuti waimirira, wapinda maondo pang'ono, walandira mapepalawo ndi manja awiri monga anamulelera kwawo, ndipo anadzida kwambiri pomva mawu ake omwe akutuluka.

"Zikomo, bambo."