Tsiku Limene Apongozi Anasuntha Firiji

Mapasa atabadwa, nyumba ya zipinda ziwiri ija inasanduka fakitale. Mayi awo anali atachitidwa opaleshoni, ndipo adokotala anawaletsa kunyamula ngakhale ndowa. Ntchito yonse inagwera bambo a mapasa, amene ankagulitsa zipangizo zamagetsi m'sitolo ina yaikulu. Iwo sanade nkhawa. Munthu woti wagulitsa mafiriji zaka khumi angaope chiyani m'khitchini?

Loweruka m'mawa anayatsa zonse nthawi imodzi: makina ochapira muli matewera asanu okha, ketulo yodzaza mpaka kukamwa, kuka yophikira mbali zonse ziwiri, simbi, ndi hita kuchipinda kwa ana. Pasanathe mphindi zisanu swichi yaikulu inagwa, nyumba yonse kuti zii. Anaikweza. Inagwanso. Ikugwa kachitatu, pakhomo panamveka odi.

Anali apongozi awo, mayi a mkazi wawo, kachikwama kamodzi kukhwapa. Mayiwa anagwira ntchito zaka makumi atatu kochapira zovala pa hotela ina, ndipo zala zawo zinali ndi timabala takale ta simbi. Analowa kaye kuchipinda, anayangata adzukulu mmodzimmodzi, anamugwira mwana wawo pachipumi, kenako anatulukira kukhitchini.

"Mwatipeza pamavuto, amayi," anatero bambo a mapasa akupukuta thukuta. "Swichi iyi yakalamba. Ndiitana wamagetsi."

"Swichi ilibe mlandu, bambo. Bulu mukamusenzetsa matumba khumi, agona pansi basi."

"Komatu zinthu izi ndimazidziwa. Ndimagulitsa ndine."

"Eya, mumazidziwa zili m'makatoni," anatero apongozi akumwetulira. "Ine ndimazidziwa zili pantchito. Tandipatsani mpata."

Anazimitsa makina, nati adikire mpaka zochapa zikwane. Hita anaizimitsanso, anatseka zenera limene linali pululu, n'kufunditsa ana kabulangete. Ataikwezanso swichi ija, madzi a m'ketulo anawawiritsa kamodzi kokha n'kuwathira m'fulasiki, kuti wofuna tiyi kapena madzi otsukira mabotolo asayatsenso. Poto aliyense anamuvundikira. Mpunga utatsala pang'ono kupsa, anazimitsa kuka.

"Sunapsetu umenewo, amayi."

"Upsa. Chitsulo chikadali ndi moto, ndipo moto umenewo ndi wanu kale. Muutayirenji?"

Mpungawo unapsa bwinobwino, osapserera n'komwe.

Atatha kudya, apongozi anaima patsogolo pa firiji, manja m'chiuno, akumvetsera kulira kwake ngati namwino womvetsera chifuwa cha wodwala. Firijiyo inali itagundana ndi kuka, msana wake utakanirira kukhoma.

"Imapuma iyi?"

"Imalira choncho usana wonse. Ndi mtundu wamphamvu."

"Si mphamvu imeneyo, ndi kuvutika. Mwaiika pafupi ndi moto, ndiye mukuiuza kuti izizire."

Anang'amba pepala pakalendala, analipanikiza ndi chitseko cha firiji, n'kulikoka. Linatuluka mosavuta ngati lathiridwa mafuta. Mphira wa chitseko unali utamatirira zauve, ndipo kuzizira kunkathawira pamenepo. Anautsuka ndi madzi ofunda a sopo, anayesanso pepala lija, ulendo uno linakana kutuluka. Kenako anauza mkamwini wawo kuti azule pulagi agwire mbali ina.

"Amayi, msana wanu!"

"Msana uwu unanyamula mitolo ya mashiti onyowa inu musanamere mano. Kokani."

Anaikokera kukona ina, kutali ndi kuka ndi dzuwa la pazenera. Kumbuyo kwake kunali fumbi lochindikala ngati bulangete, supuni ziwiri, ndi kiyi wa njinga amene anasowa chaka chatha. Bambo a mapasa anagwada n'kuyamba kupukuta, manyazi atawagwira. M'zaka khumi zonsezo anali asanaonepo kumbuyo kwa firiji yoti yakhala m'nyumba ya munthu. Ataiyatsanso inalira kwa kanthawi ndithu, kenako inakhala chete.

"Yafa?" anafunsa mayi a mapasa ali kuchipinda.

"Yagona," anayankha mayi awo. "Nawenso gona."

Koma chimene chinawagwira mtima kwambiri bambowa chinali kusita. Lamulungu masana apongozi anaanula zovala zisanaumiretu, anazisanja milu itatu, n'kuyatsa simbi kamodzi kokha pa zovala za sabata yonse. Simbi ikungoyamba kufunda anasita zopyapyala. Itatentha anagwira matalauzi ndi malaya a kuntchito, dzanja likuyenda mosabwerera pamene ladutsa kale, kolala kawiri, mkono kawiri, basi malaya pahang'ala. Kenako anazula pulagi, n'kumalizira tizovala ta ana ndi mipango ndi kutentha kotsalako. Bambo a mapasa anaima pakhomo, mwana paphewa, akungoyang'ana ngati munthu woonera mpira wabwino.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi, amayi?"

"Ntchito. Kuhotela kuja makina onse akayaka pamodzi, magetsi ankathima mpaka kuzipinda za alendo, ndipo wokalipiridwa ndinali ine. Ndiye ndinayamba kuwamvetsera. Chilichonse chotentha n'chadyera, bambo: simbi, ketulo, kuka, hita. Zimenezo muzizipatsa nthawi yake, chimodzichimodzi, ngati ana akudya m'mbale imodzi."

Swichi yaikulu sinagwenso, ndipo wamagetsi sanaitanidwe.

Patatha milungu iwiri, kusitolo kunabwera mayi wina wokwiya. Anati firiji imene anagula miyezi itatu yapitayo imangolira osapuma ndipo ikumeza magetsi ngati ng'ona. Abwana anayamba kale kufunafuna mapepala obwezera katundu, koma bambo a mapasa anafunsa modekha kuti firijiyo ili pati. Inali pafupi ndi uvuni. Anafunsanso ngati amaikamo chakudya chikadali chotentha. Mayiyo anavomera mwamanyazi. Bambowa anamufotokozera zoyenera kuchita, ndipo patapita masiku atatu mayiyo anaimba foni kuthokoza.

"Iwe, sukulu imeneyi unapita liti?" anafunsa abwana.

"Aphunzitsi ali kunyumba kwanga, bwana. Ndi apongozi anga."

Abwana anaseka mpaka kugwira kauntala, kenako anati akawafunse ngati angabwere Loweruka lililonse kudzalankhula ndi makasitomala.

Madzulo bambo a mapasa anafikitsa uthengawo monyadira, asanavule n'komwe nsapato. Apongozi anali pampando akupinda matewera, mdzukulu mmodzi atagona pamwendo.

"Muwathokoze abwana anuwo," anatero osasiya kupinda. "Koma ine ndinapuma kale, ndipo ntchito yanga tsopano ndi awiriwa. Mukaphunzitse ndinu. Muli ndi pakamwa pabwino, ndipo masiku ano mwayamba kumva. Tsopano kasambeni m'manja, mudzamutenge uyu, mwendo wanga wachita dzanzi."